Tsiku limene ndinakayankhulira Lameki ku Ntchisi

Tsiku limenelo tinalipo awa: ine Fulakisoni Mbewe wa ku Bowe, mwana wanga Lameki, a Chisomo Banda a ku yunivesite amene anatiitana, mayi wachizungu wa kamera amene dzina lake lilime langa linakana, bwana woona za misewu wochokera kuboma, dalaivala a Jere, ndi ojambula ena asanu a m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi. Ndawatchula kuti wina asadzati mdalayu akupeka. Sukulu ndinalekeza sitandade 3, zilembo zanga n'zopindika, koma zimene ndinaona ndinaziona ndi maso angawa.

Lameki ndi bambo wa zaka 34. Poliyo anamupha miyendo ali wakhanda, ndiye amayenda pa njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Koma manja akewo, abale! Amajambula pa masaka ndi dothi lenileni: katondo wofiira, makande akuda, phulusa, n'kusakaniza ndi guluu. Kale ankapalasa yekha kupita kumagolosale kukalemba zikwangwani. Kenako anthu a fodya ndi a makala anameta phiri la kuseri kwa mudzi wathu mpaka mbee, madzi n'kuyamba kutsika ngati apenga, n'kudula njira yathu pakati. Chigwembe chake munthu wamtali akalowamo saoneka. Dzinja lachitatu lino Lameki sanawolokepo yekha, ndipo ntchito ya zikwangwani inapita kwa ena.

A Chisomo anabwera kumudzi nati akuchita kafukufuku, anthu ajambule chimene chikuwapweteka pa nthaka yawo. Zithunzi za Lameki anazikonda, nati kudzakhala chionetsero ku Ntchisi ndipo bwana wa misewu adzakhalapo. Sabata yonse mwanayo ankayeserera mawu ake pakhonde. Pempho lake linali limodzi basi: kamlatho pa chigwembe, ngakhale ka matabwa, bola njinga yake izikwanapo.

Tinanyamuka 5 koloko m'mawa. Pachigwembe panafunika amuna anayi, awiri njinga, awiri mwini wake. Wina anati, “Lameki, wayamba kulemera, ukudya chiyani?” Iye anati, “Ndikudya misana yanu, achimwene. Pirirani, lero ndi lomaliza.” Tinaseka tonse.

Kuchoka pa Bowe tinakwera matola, kagalimoto kotsegula kumbuyo kodzaza matumba a soya, mpaka pa Madisi. Pamenepo 7 koloko inali itakwana. Kondakitala wa minibasi anayang'ana njinga, n'kuyang'ana ine, osati Lameki.

“Madala, anthu awiri K6,000. Chitsulochi K3,000.”

Ndinati, “Imeneyo ndi miyendo yake. Kodi enawa miyendo yawo akulipirira?”

Ine mawu ndili nawo. Pamaliro kwathu wolengeza ndine, ndipo sindifuna chimkuzamawu. Anthu a m'minibasi anandithandiza phokoso mpaka mnyamatayo anatsika kufika K1,500, n'kuimangirira kumbuyo ndi malamba a tayala.

Pa Mponela tinafika 9 koloko, tinamwa tiyi ndi mandasi awiriawiri. Tili pomwepo mayi wina wovala bwino anadutsa, n'kuponya ndalama pamiyendo pa Lameki osaima n'komwe. Lameki anamuitana: “Mayi, mwagwetsa ndalama yanu.” Mayiyo anabwerera akuyang'ana pansi. Ine mumtima ndinati, uyu ndi mwana wanga ndithu.

Msewu wa ku Ntchisi ndi wokhotakhota, ndipo zitunda zambiri n'zometedwa ngati kwathu komwe, zitsa zokhazokha ndi zigafa za fodya. Pa boma tinapeza a Jere akutidikira ndi galimoto yoyera ya ku yunivesite. Anakweza njinga padenga akudandaula za utoto wa galimoto. Titayamba kukwera phiri ndinaona nkhalango yeniyeni, yakuda, yozizira, mitengo yoti amuna atatu sangaikumbatire. Ndinakhala chete, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri.

Tinafika itadutsa 11 koloko. Holo yake anaimanga pamtunda kuti alendo aziona chigwa bwino. Kuchoka poimika galimoto kukafika pakhomo panali masitepe a miyala. Ndinawerenga: khumi ndi anayi. Pamwamba pa masitepewo anapachika chinsalu chachikulu, ndipo pachinsalupo panali chithunzi cha Lameki ali pa njinga yake, akumwetulira. Chithunzi chake chinali chitakwera kale. Mwini wake anali pansi.

A Chisomo anatsika akuthamanga, manja ali kumutu. “A Lameki, pepani, pepani kwambiri. Holoyi tinabwereka pa foni, palibe anabwera kudzaiona.” Ndinaona kuti zikuwapwetekadi, koma pepani sakweza munthu. Anaitana amuna awiri kuti amunyamule. Apo mayi wa kamera uja anali ataima kale pamwamba, kamera ili kumaso.

Lameki anati, “Ayi. Kumudzi amandinyamula abale anga, sajambula. Pano sindinyamulidwa. Atsike anthuwo, pansi pa mtengo uwu pali malo, ndiyankhulira pano.”

A Chisomo anakwera kukafunsa. Anabwera nati zithunzi azikhoma kale m'makoma, zingwe za magetsi sizifika panja, ndiponso bwana wa misewu anyamuka 1 koloko.

Apa ndiye mundimve bwino. Kwathu nkhani ya mwana pabwalo amayankhula ndi mkulu. Ya ukwati, ya munda, ya mlandu, mwana amakhala pansi, mkulu amaimirira. Ine ndayankhulira anthu ambiri, ndipo sindinagwepo. Ndiye ndinati, “Lameki, khala pompano. Ndikakuyankhulira ine.” Anatsegula pakamwa, koma ine ndinali kale pa sitepe yachitatu. Sindinacheuke.

Mkati munali mipando yofewa ndi madzi a m'mabotolo. Ojambula anzake anayankhula mmodzimmodzi, motsitsa, mwamanyazi. Itafika nthawi yathu anandipatsa chimkuzamawu, ine n'kuchikana. Anthu anaseka, ndipo kusekako kunandilowa ngati mowa. Ndinayamba ndi phiri lathu mmene linalili ndili mnyamata: masuku, miwanga, bowa wodzaza malichero, kasupe wosaphwa. Ndinatchula makampani a fodya amene amagula tsamba koma mtengo sabzala. Ndinatchula a m'tauni amene amatinyoza kuti tikuwononga nkhalango, chikhalirecho makala athu akuphikira ndi iwowo. Zonsezo n'zoona, ndipo lero lomwe ndikhoza kuzibwereza.

Mayi wachizungu analoza chithunzi chachikulu cha Lameki, chimene chinali ndi mzere wofiira wodula saka pakati, kanjinga kali tsidya lino, magolosale ali tsidya ilo. Kudzera mwa a Chisomo anafunsa kuti mzerewo ukutanthauza chiyani. Ndikanangoti ndi chigwembe, mwana wanga sawoloka. Koma holo yonse inali itandiyang'ana. Ndinati, “Limenelo ndi bala la dziko lathu, likuchucha magazi!” Anaomba m'manja mpaka ena kuimirira. Mayiyo analemba mawuwo m'buku.

Bwana wa misewu anafunsa, “Nanga a Mbewe, pempho lanu n'lotani?”

Ndinati, “Mitengo! Tipatseni mbande, phiri lathu livalenso!”

Anamwetulira, nati zimenezo n'za anzake a nkhalango, akawauza. Anayang'ana wotchi, anandigwira chanza, n'kutsika masitepe aja. Anadutsa pafupi ndi Lameki, n'kumuweyulira dzanja ngati akudutsa mwana wa sukulu. Chitseko cha galimoto chitatsekeka m'pamene mawu oti mlatho anandifikira m'mutu.

Chakudya chinali mpunga ndi nkhuku. Cha Lameki anamutsitsira pansi pa mtengo, ndipo sanachikhudze. Anandifunsa chinthu chimodzi: “Za mlatho ati bwanji?” Ndinati, “Tinakamba zambiri.” Sanafunsenso. A Chisomo analonjeza kuti pempholo alilemba mu lipoti lawo. Mwina analembadi, ine malipoti sindiwerenga. Zithunzi zinatsala komweko, ati zipita ku Lilongwe kuti akuluakulu akazione.

Pobwerera kondakitala wa pa Mponela anati njinga K3,000, ndipo ndinalipira osatsutsa. Tinafika kwathu mdima utagwa kale. Amuna anayi aja anali akutidikira. Palibe anachita nthabwala.

Anthu ophunzira aja ndili nawo mkwiyo mpaka lero. Anadziwa kuyeza chithunzi cha mwana wanga kuti chikwane pachinsalu, koma khomo sanaliyeze. Amafuna zojambula zathu zikwere, ife titsale. Zimenezo ndinazinena madzulo omwewo pakhonde, anansi atabwera kudzamva za ulendo, ndipo ndinazinena mokweza. Ndinawauzanso mmene holo inaimirira nditayankhula. Lameki anali pambali akupukuta fumbi pa tcheni cha njinga yake. Anadikira anthu onse apite, kenako anati:

“Bambo, anthu aja anandisiya panja chifukwa cha masitepe. Nanga inu munandisiya panja chifukwa cha chiyani?”