Dziwe Loviikamo Chinangwa la Tryphena

Inu amene mwatopa, imvani za mayi wina wa ku Nkhata Bay.

M'dzinja la 1983, Tryphena anagona pamphasa masiku asanu ndi anayi, thupi lili moto, maso atasanduka achikasu, akatumba akupweteka moti sankatha kuponda pansi. Mapilitsi a malungo a kugolosale anamwa kawiri konse, osaphula kanthu. Mwamuna wake anali atamwalira kale. Ana atatu ankangomuyang'ana, ndipo iye ankadziwa kuti akapita, anawo alibenso wina.

Ntchito yake inali ya ufa wa kondowole. Ankaviika chinangwa m'dziwe la kuseri kwa nyumba, momwe amayi ake ankaviikamo, n'kumavuula ali chiimire m'madzi opanda nsapato.

Mlamu wake Rosina ndiye anamukokera kuchipatala. Kumeneko bambo Yoram, amene ankaona odwala, anayang'ana maso, kenako ming'alu ya kumapazi.

"Ama, si malungo awa. Chinangwa mumaviika kuti?"

"M'dziwe, ada, ngati aliyense."

"Makoswe amafikapo?"

"Nanga pali chinangwa angalephere?"

Bambo Yoram anati matendawo ndi leptospirosisi. Tizilombo take n'tating'ono kosaoneka ndi maso, topotana ngati chingwe, tokhota kumapeto. Timakhala mu impso za khoswe, khosweyo osadwala n'komwe, n'kumatuluka ndi mkodzo. M'madzi odikha ndi m'matope timatha milungu tili moyo, koma pouma timafa. Tikapeza mng'alu pakhungu timalowa m'magazi mpaka kuchiwindi ndi ku impso.

Tryphena anabayidwa jakisoni wa penisilini sabata yathunthu, nachira. Koma kunena zoona sanasangalale. Kubwerera m'dziwe kunali kuitana imfa, kulisiya kunali kugoneka ana ndi njala.

Anayesa kuviika m'diramu yakale. Chinangwa chinada ndi dzimbiri, anataya chonse, nalira. Anzake anamuseka.

"Iwe, agogo athu onse ankaviika m'dziwe. Wayamba uzungu?"

Tryphena analibe mphamvu zokangana. Anapeza mitsuko inayi ikuluikulu yokhala ndi zivundikiro, n'kumatunga madzi kunyanja, kukwera nawo chitunda cha kwawo kasanu pa tsiku. Ufa unkatuluka wochepa, koma woyera. Pamsika, akaonetsa khadi la chipani pachipata, ankakhala pansi n'kuwodzera pambali pa beseni lake.

Dzinja lotsatira, mmodzi wa omuseka aja anadwala maso achikasu, ndipo kuchipatala anafika mochedwa. Atachoka kumaliro, amayi awiri anabwera kwa Tryphena kudzafunsa komwe anagula mitsuko. Anawalondolera, osawakumbutsa kanthu.

Tryphena sanalemere, ndisakunamizeni. Msana unkamupweteka mpaka ukalamba. Koma ana atatu aja anakula akuitana "ama" n'kumayankhidwa.

Ngati nanunso chimene chimakudyetsani ndi chomwe chikukudwalitsani, funani njira ina, ngakhale ikhale yokwera chitunda. Pumani mukatopa, koma musagwe ulesi. Alipo amene akukuyang'anani.