Tsiku Limene a Pakamwa Ananamiza Holo Yonse

Kuseri kwa msika, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni, pali holo ya kanema ya malata okhaokha: mabenchi khumi ndi awiri, sikirini imodzi, ndi fani imene inasiya kuzungulira kalekale. M'menemo ndi mmene a Pakamwa anathera zaka makumi awiri ndi ziwiri. Dzina lawo lenileni ngakhale bwana wa holoyo ankachita kulifufuza papepala. Ntchito yawo inali kukhala pakampando pambali pa sikirini, maikolofoni kumanja, n'kumamasulira zimene anthu a m'kanema akuyankhula m'chizungu, kuti wonyamula katundu ndi mayi wogulitsa tomato amve nawo.

Ntchito imeneyi musaiderere ayi. Kumasulira kanema si kubwereza mawu ngati chinkhwe. Umafunika kudziwa polowa, podukiza, ndi poponya nthabwala. Msilikali akagwa chafufumimba m'matope, a Pakamwa ankati, "Dzukani achimwene, bedi lili kunyumba!" Holo yonse n'kufa nalo phwete. Koma anali ndi lamulo limodzi limene sankaliphwanya: nthabwala ponya mmene ungathere, nkhani usaikhotetse. Wofa wafa, wothawa wathawa. Omasulira atsopano amene amangopeka zawozawo ankawanyansa kwabasi. "Anthuwa ali ndi maso," ankatero. "Ukawanamiza kamodzi, mawa ukamanena zoona azidzakuyang'ana cham'mbali."

Asanayambe zimenezi anali kondakitala wa minibasi, ndipo chizungu chawo chambiri anachitola m'manyuzipepala oiwalidwa pamipando. Akazi awo anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ya nsalu. Mwana anabereka mmodzi yekha, wamkazi, amene pakhomo ankangomutcha Kadona chifukwa kuyambira ali wamng'ono sankalola kuvala diresi losasita.

Kadona atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kunabwera mkulu wina wa tayi, ali ndi ofesi ndi mafomu, wopezera atsikana ntchito za m'nyumba kunja kwa dziko. Kadona anapita. Miyezi isanu ankaimba foni Lamlungu lililonse. Mwezi wachisanu ndi chimodzi foni inati zii. Makolo ake atapita ku ofesi ija anapeza mukugulitsidwa penti. A Pakamwa anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha chidendene, yankho lili lomwelo: "Tikufufuza, bambo, mubwerenso." Zaka zinakwana zisanu ndi zinayi. Pakatipo akazi awo anawapeza ndi matenda a shuga, maso anayamba kuchita chifunga, kenako mdima. Makina osokera anawafunditsa nsalu.

M'katoni ya zinthu za Kadona munali buku lina lachizungu, lokhuthala, chikuto chomata ndi selotepi. Linali buku lotchuka kwambiri, ana asukulu ankachita kulandirana. Tsiku lina masana mayiwo analipapasa n'kunena kuti, "Bambo, mundiwerengere ili. Manja ake anagwira masamba onsewa."

Ndiye Lolemba lililonse, tsiku limene holo imatsekedwa, a Pakamwa ankakhala pakhonde n'kumawerenga, maso pa chizungu, pakamwa pakutuluka chathu. Nkhani yake inali ya dziko lam'tsogolo kumene mvula inasiyiratu kugwa. Boma la kumeneko linalamula kuti nyumba iliyonse ipereke mwana mmodzi wokakumba madzi pansi penipeni pa nthaka. Mwana akapita, dzina lake ankalifufuta m'kaundula, ndipo kulitchula unali mlandu. Mayi wina wochapa zovala za akuluakulu anakana kuiwala. Ankayenda ofesi ndi ofesi kufunsa za mwana amene mabuku onse ankati sanabadwe. Apa akazi a Pakamwa ankagwedeza mutu. "Wolemba ameneyu anakhalapo pabenchi la mu ofesi," ankatero.

Womasulira aliyense diso limatsogola, pakamwa pamatsatira. Atafika pamasamba omaliza, diso la a Pakamwa linaona zimene pakamwa panali pasananene. Patatha zaka khumi ndi chimodzi, lole inabweretsa okumba aja. Mayi uja anaima pageti mpaka womaliza kutsika. Mwana wake panalibe. Anabwerera kunyumba yekha, buku n'kuthera pomwepo.

A Pakamwa anakweza maso. Akazi awo anali atagwira m'mphepete mwa mpando ndi manja onse awiri, ngakhale kupuma anali ataiwala. Mtima unawapweteka bamboyo, ndipo anachita mantha. Anabwezera maso pabuku n'kunena kuti womaliza kutsika, woonda, wotsimphina, anali mwana uja.

"Ndinadziwa ine," anatero mayiwo, misozi ili chuchuchu. "Ndinadziwa."

Tsiku limenelo anadya bwino koyamba patapita miyezi. Bukulo anawerengetsanso kawiri, ndipo a Pakamwa ankakometsera mathero awo aja ulendo uliwonse. Mayiwo akamva wina akunena za Kadona mogwetsa ulesi, ankayankha kuti, "Wa m'buku anabwera patatha zaka khumi ndi chimodzi. Ife tili pa zisanu ndi zinayi zokha." Chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali chimenecho, ndipo a Pakamwa ankadziwa kuti chaima pa bodza lawo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Bukulo analipanga kanema, bwana n'kubwera nayo, chikwangwani n'kuchikhoma pakhomo la holo. Anthu oyandikana nawo, amene pakamwa pawo sipagona chinthu, anakawauza mayiwo tsiku lomwelo.

"Loweruka mundigwire dzanja, ndikamve nawo," anatero mayiwo.

"Mayi, mabenchi aja ndi ouma. Mumatentha muja, fani inafa. Ndi shuga wanuyu..."

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri mukumasulirira akazi a eni ake. Ine ndinalakwanji?"

A Pakamwa anangovomera. Chiyembekezo chinatsala chimodzi. Ankawadziwa opanga makanema: sakonda kutulutsa anthu m'holo ali ndi chisoni. Kangati anaona munthu wofa m'buku akudzuka m'kanema n'kukwatira? Mwina ameneyunso amukonza.

Chizolowezi chawo chinali kuyamba aionera okha kanema m'mawa, holo ili yopanda munthu, kope ndi pensulo pamwendo, kulemba polowa ndi podukiza. Lachisanu anachita chomwecho, ndipo pasanathe mphindi makumi awiri anali atayamba kale kutukwana chamumtima. Mayi wochapa uja, wa manja ong'aluka ndi sopo, anamusandutsa chiphadzuwa cha mano oyera mbee, tsitsi lonyezimira, m'dziko lopanda madzi! Ankasamba chiyani, mphepo? Maulendo a m'maofesi aja, amene ndiwo mtima wa buku lonse, anawapanikiza m'mphindi ziwiri. M'malo mwake anabweretsa chibwenzi cha mfuti chimene m'buku mulibe, ndi kuthamangitsana pa njinga zamoto kosatha. Zimene mayiyo ankaganiza ali yekha, masamba ndi masamba, zonse anataya, poti kamera siona m'mutu mwa munthu. Koma a Pakamwa, uku akukwiya, uku mtima ukutsika pansi. Anthu osintha zinthu chonchi, mathero sangawasiye.

Anawasiya. Anthu ouma mtima! Zonse anasintha, chimodzi chokha chofunika kusintha n'kuchisiya mmene chinalili. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti pamenepo pokha anachita bwino kuposa buku lomwe. Mphindi zinayi zathunthu popanda woyankhula: lole, anthu akutsika, nkhope ya mayi, lole yopanda kanthu, msewu. A Pakamwa anapeza pensulo yagwa pansi osadziwa kuti yagwa liti.

Anaganiza zonamizira kudwala, koma womasulira wina akanangonena zimene zili pasikirini. Anaganiza za magetsi, koma bwana ali ndi jenereta. Akanena zoona pamaikolofoni, awaphera akazi awo chimene chikuwasunga ndi moyo. Akanama, anama pamaso pa anthu oposa zana amene akuona okha.

Loweruka, kanema wa thuu koloko masana, holo inadzaza mpaka ena kuima m'mbali. Mayiwo anavala diresi lobiriwira limene anasoka okha maso asanachite mdima. Anthu anapatuka, wometa anawapukutira benchi lakutsogolo ndi thawulo lake, mayi wa tomato n'kukhala pambali pawo. Ambiri m'menemo ankawadziwa. Ena madiresi awo a ukwati anasokedwa ndi manja omwewo, ndipo za Kadona panalibe wosazidziwa.

A Pakamwa anayamba ntchito. Nthabwala zinkatuluka zokha, poti pakamwa panazolowera. Mayiwo ankamvetsera atapendeketsa mutu, ndipo sanachedwe kuyamba kudandaula mokweza.

"Apa adumpha. Ofesi ya mlembi wa chifuwa uja ili kuti?"

"Aichotsa, mayi," a Pakamwa anayankha pamaikolofoni pomwepo, anthu n'kuseka.

"Nanga njinga zikulirazi n'za ndani? Ndipo mayi ameneyu mawu ake sakumveka ngati anaberekapo."

"Auzeni amayi!" anakuwa wokonza mafoni, holo yonse n'kuwomba m'manja.

Kenako lole inafika. Nyimbo inatsika, kuseka kunatha. Anthu anayamba kutsika mmodzimmodzi, otuwa, ofooka. A Pakamwa anatsitsa maikolofoni. Anaganiza kuti mwina akangokhala chete, mphindi zinayizo zidutsa. Koma mayiwo anatembenuzira nkhope kumene kunali amuna awo.

"Nanga mwakhaliranji chete, bambo? Watsika?"

Pasikirini womaliza anali atatsika, nkhalamba yopanda mano. Lole inali yopanda munthu. A Pakamwa anakweza maikolofoni.

"Ndi uyo," anatero. "Womaliza uyo. Waonda, akutsimphina, koma ndi yemweyo."

"Aaa, madala, mukunamatu apa!" anatero mkulu wina wachilendo kumbuyo. "Lole ilibe..."

"Tatsekani pakamwa inu!" mayi wa tomato anamudula asanamalize, ndipo wina anamukoka malaya mlendoyo n'kumukhazika pansi.

Holo inati zii. Anthu oposa zana, aliyense ndi maso ake awiri, ankaona mayi akutembenuka yekha pageti, kwinaku akumva a Pakamwa akufotokoza mmene mwana wathamangira, mmene akumbatirana, mmene mayi akumupapasa kumaso. Palibe anatsutsanso. Bamboyo sanasiye. Ndipo chapakati pa mabenchi mayi wina anayamba kusisima, wina n'kulandira, mpaka wometa, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anabisa nkhope m'thawulo. A Pakamwa ananama mpaka mayina a opanga kanema atayamba kukwera.

Potuluka palibe anawayang'ana kumaso. Anthu ankangowagwira paphewa n'kudutsa. Bwana, amene samasowa chonena, anangotola maikolofoni n'kukulunga waya.

Dzuwa linali likadali pamwamba. Anayenda pang'onopang'ono, dzanja la mayiwo lili pachigongono cha amuna awo, kudutsa ogulitsa makala, kudutsa pampopi. Atafika pakamlatho ka ngalande mayiwo anaima.

"Bambo, anthu aja amalira chiyani?"

"Chimwemwe, mayi. Poti mwana wabwera."

"Ine ndasokera anthu zovala za ukwati, ndasokanso za maliro, ndipo konseko ndinkapita. Maso ndilibe, koma kulira ndimakusiyanitsa. Kuja si kwa chimwemwe."

Mayiwo anapitiriza:

"Mapazi ochoka pageti paja ndinamva a munthu mmodzi. M'buku namonso ndi choncho?"

"Ndi choncho."

"Maulendo atatu onse aja?"

"Onse. Ndikhululukireni, mayi. Ndinkaopa kuti mukamva, mugona osadzukanso."

Njinga inadutsa ikuliza belu. A Pakamwa ankadikira kukalipiridwa, ndipo akanakonda atakalipiridwa. Koma mayiwo anangokweza dzanja, n'kupapasa mpaka kupeza tsaya la amuna awo. Linali lonyowa.

"Ine ndinkati tikudikira awiri," anatero. "Kani inu munasiya kale, mumangondiperekeza."

"Sindinasiye," anatero a Pakamwa, ndipo atanena anazindikira kuti n'zoona. Ulendo wachitatu uja, pofika pa lole, iwonso ankayembekeza kuti mwina mawu a patsambalo asintha. Analira pomwepo, pakamlatho, masana, anthu akudutsa.

Mayiwo anawasiya alire. Kenako anabwezera dzanja pachigongono paja.

"Mawa mutumize uthenga kwa achimwene anu, ndi kwa alongo anga," anatero. "Abwere, adzakhale nafe pansi. Zaka zisanu ndi zinayi, mwana wanga palibe anamulira."