Kamphika ka Mtovu ka Amuna Anga

Munda wathu unali m'tsinde mwa phiri, kumtunda kwa Kasinje, ndipo nguluwe zinkaudya ngati tinalimira izo. Amuna anga atabwerako ku migodi ya ku Joni, anati zimenezo zatha. Anagula mfuti ya gogodela kwa mkulu wina wa ku Champiti, n'kupita ku Boma kukatenga chiphaso, khadi la chipani lili m'thumba la malaya kuopa kubwezedwa panjira.

Gogodela imadyera kukamwa: umathira wonga, n'kukankhira chipolopolo ndi kandodo kachitsulo. Anzawo ankangoduladula misomali n'kumaikamo. Iwo anati umenewo ndi umbuli. Ku Joni anaona munthu akuumba yekha zipolopolo za mtovu ndi mphika wotulutsira kunsi, ndipo poti anaona kawiri konse, ankadziwerengera kuti ndi mmisiri.

Anatenga kamphika kanga kachitsulo kamiyendo itatu, kamene kanabooka kunsi ndipo ndinkasungiramo mbewu za maungu. Anasula msomali wautali woti uzitseka kabowo, n'kuupinda kumtunda kuti akhale ndi pogwira. Kamphikako anakakhazika pa njerwa, makala m'mbali, pansi n'kusiya mpata wolowetsa chikombole choumbiramo zipolopolo. Ukakweza msomali, mtovu wosungunuka umatsikira m'chikombole, ukaubweza, umaleka. Umu ndi mmene zinkayenera kukhalira.

Mtovu ankauchotsa m'mabatire akufa a galimoto, amene ankawapempha kwa mwini sitolo wina pa Kasinje, Msilamu wofatsa zedi. Popereka ankati, "Tengani, koma nguluwezo mukapha musandikumbukire."

Malamulo a kamphikako anali ambiri kuposa a kutchalitchi. Madzi asayandikire, chifukwa dontho limodzi likagweramo mtovu umalavula. Ana akhale kutali, ndipo munthu asaime kumene utsi ukupita. Zonyansa zoyandama pamwamba azichotsa ndi supuni yakeyake, imene isadzabwererenso kukhitchini. Akamaliza, kabowo akatokose ndi waya, msomali aupake mafuta. Zonsezi ankandiuza ine, ngakhale kuti sankandilola kugwira kalikonse.

Koma kabowo kankadontha. Msomali utatsekedwa bwinobwino, pansi pankangoti tho, tho.

"Abambo, mphika wanu uli ndi chimfine," ndinkawauza ndikudutsa ndi lichero.

"Amayi, izi si za kukhitchini."

Zipolopolo zake zinkatuluka zamakwinya ngati nandolo wouma. Chaka chonse choyamba mfuti inalira kambiri, agalu a m'mudzi anathawa kambiri, koma nguluwe sinagwe ngakhale imodzi.

Tsiku lina m'mawa achimwene anga anabwera kudzaona luso la alamu awo. Amuna anga anali mkamwini pamudzi pathu, ndiye mwayi wodzionetsa ngati umenewu sakanautaya. Anavala jekete lawo lachikopa la ku Joni, dzuwa likuswa mtengo, koma kumapazi anali ndi patapata. Mtovu utasungunuka anakweza msomali. Sipanatuluke kanthu. Anakwezanso. Zii.

"Wauma pakabowo, alamu. Zimachitika," anatero.

Anachotsa chikombole, n'kuwerama kutokosa chakunsi ndi waya. Msomali anaiwala kuubweza. Kabowo katatseguka, mtovu wonse unakhuthukira pansi, wina n'kuthovukira pa chala chachikulu cha phazi lawo. Sanalire. Anangodumpha ndi mwendo umodzi mpaka kunkhokwe, akuyankhula chinenero cha ku migodi chimene sindinawamvepo chikhalire. Achimwene anawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti njinga inkayenda mokhotakhota chifukwa woyendetsa ankalimbana ndi phwete.

Bala silinali lalikulu. Patatha sabata ziwiri ankayenda, motsimphina pang'ono. Koma kamphika sanakayandikirenso. Chimanga chinali chitayamba kukhwima, nguluwe zikulowa, chitini cha zipolopolo chili mbee.

"Simuumba?" ndinawafunsa.

"Mphikawo uyambe wapuma."

Tsiku limene anapita kukamangitsa bala komaliza, ndinatumiza ana kwa amayi anga, n'kutulutsa kamphikako. Mtovu wotayika uja unali utauma ngati chimbale. Ndinaugamula ndi nkhwangwa n'kuuponyamo. Msomali ndinauyang'anitsitsa, ndinapeza kuti nsonga yake inali yopendekera, n'chifukwa chake unkasiya mpata. Ndinaunola pamwala mpaka unakhala bwino. Makala ndinawasendezera pafupi ndi kabowo kuti pasazizire. Ndipo chikombole ndinayamba ndachiotha pamoto, chifukwa mkazi aliyense amadziwa kuti suponya chitumbuwa m'chiwaya chozizira. Mantha ndinali nawo, sindinama. Mapazi ndinawaika kutali kwambiri, moti msana unandiwawa masiku awiri.

Zoyamba zitatu zinali zoipa. Zotsatira zinatuluka zosalala, zobulungira, zonyezimira. Ndinadula timichira take ndi mpeni, n'kuziika m'chitini, ndipo kabowo ndinakatokosa, msomali n'kuupaka mafuta monga mwa lamulo.

Madzulo ndinaona amuna anga akutsegula chitinicho. Anatenga chimodzi, anachigudubuza m'dzanja, anayang'ana kukhitchini kumene ndinali, n'kutsekanso.

Patapita masiku anayi, mbandakucha, mfuti inalira kumunda. Dzuwa likutuluka, amuna anayi analowa m'mudzi atanyamula nguluwe pamtengo, amuna anga akutsogola, kutsimphina kutaiwalika. Achimwene anapempha kuona zipolopolo zotsala.

"Alamu, dzanja lanu lakhwima tsopano."

"Ntchito imafuna kufatsa," anayankha amuna anga, maso ali pa nguluwe. Ine ndinali pomwepo ndi beseni, ndikudikira chiwindi.

Nyama itagawidwa, anthu atabalalika, amuna anga anabwera kudzakhala pakhonde pamene ndinkasenda chinangwa. Anakamba za mvula, za njinga ya achimwene yofuna matayala. Kenako, akuyang'ana kuphiri, anati:

"Kodi munthu atafuna kuti zisamachite makwinya, angatani?"

"Munthu wake uti?"

"Munthu aliyense."

"Aziotha chikombole."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. "N'zimene ankachita ku Joni. Ndinangoiwala."

Kuyambira pamenepo tinkaumba awiri, kuseri kwa khitchini kumene anthu odutsa sakanationa. Ine ndinkagwira msomali ndi chikombole. Iwo ankakupiza moto, kuchotsa zonyansa ndi supuni, ndi kundikumbutsa malamulo, atavala majombo a ku mgodi ngakhale mwezi wa Okutobala. Mlendo akati odi kubwalo, ankandilanda chikombole mwachangu n'kundiuza mokweza kuti ndikaone ngati madzi a tiyi awira.