Ndinatsala pang'ono kujomba ukwati wanga chifukwa choflasha

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kujomba ukwati wanga womwe chifukwa choumira mayunitsi a foni. Sekani ndithu, mkazi wanga nayenso amaseka mpaka lero, koma mumve bwino.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atangofala. Ine ndinkakhala ku Area 25 n'kumayendetsa thiraki pa kampani ina yonyamula katundu ku Kanengo. Wogawa maulendo kwa madalaivala anali bambo Jafali, mkulu wa ku Mangochi, wanthabwala koma wosafuna zachibwana pa ntchito. Dongosolo lathu linali losavuta. Thiraki ikakhala yopanda katundu, iwe uli wokonzeka, unkangowaflasha a Jafali, kuliza foni yawo kamodzi n'kudula. Iwo akaona dzina lako ankakuimbira n'kukuuza kopita. Ukakhala chete ankadziwa kuti sulipo. Koma ukaflasha kenako n'kukana katundu, unkaiwalika kwa nthawi ndithu anzako akudya maulendo.

Ine ndinali katswiri woflasha. M'mawa uliwonse chala chinkapita chokha pa batani ndisanasukusule n'komwe. Za ukwati sindinawauze a Jafali. Khadi yowaitanira inali ikadali m'thiraki, ndipo ndinkati ndingokhala chete masiku amenewo, basi.

Lachisanu, ukwati uli mawa lake, nyumba itadzaza abale a ku Thyolo, amayi akutakasa thobwa panja, ndinangomva foni ikulira. Chala chinali chitachita kale zake. A Jafali anati pali feteleza wa ku Kasungu, ndipo ndibwerera tsiku lomwelo. M'malo monena zoona, pakamwa panga panatuluka "chabwino bwana." Ndinaopa kuoneka wachibwana. Ankhoswe ndinawauza kuti ndikukatenga suti kwa telala.

Nditafika ku Kasungu ndinapeza kuti wosunga makiyi a nyumba yotsitsirako feteleza wapita kumaliro kumudzi, abwera mawa. Thiraki yodzaza katundu suisiya yokha. Apa munthu wanzeru akanagula mayunitsi n'kufotokoza. Ine ndinaflasha, ati andiimbire. A Jafali ataona dzina langa anangoti mnyamata watsitsa, akubwerera wopanda katundu, ndipo sanandiimbire. Ndinaflashanso, iwo n'kumayamikira khama langa ali phee mu ofesi. Ankhoswe akaimba ndinkayankha bodza la madalaivala onse, lakuti ndili pafupi.

Kutacha Loweruka mantha anandigwira zenizeni. Ndinaganiza za mkwatibwi wanga, mtsikana wa ku Kawale amene anandikhulupirira, atavala velo pakhomo la tchalitchi, anthu akunong'onezana kuti dalaivala wathawa. Mtima unandiwawa kwambiri. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinathamangira kwa mayi wina wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaimbira a Jafali ndi ndalama zanga.

Atamva kuti ndikukwatira tsiku lomwelo anati: "Iwe mwana, ukwati lero, iwe uli pa matumba a feteleza? Foni ikalira kamodzi imandiuza kuti galimoto ilipo. Nanga za mwini wake ndikazimva kwa sing'anga?"

Anabwera okha pa pikapu, atatenga dalaivala wina woti atsale ndi thiraki. Njira yonse yobwerera ankandiseka, uku akuponda moto ngati mnyamata. Suti, imene abale anandibweretsera, ndinavalira kuseri kwa tchalitchi, manja akununkha dizilo. Kwaya inali itatha nyimbo zake zonse n'kuyambiranso. Mkwatibwi atandiona anagwetsa misozi, kenako anandinunkhiza n'kuyamba kuseka.

Ukwati unakoma, abale anga. Pa perekaniperekani a Jafali, atavala kofia wawo, anavina kuposa ankhoswe. Khadi yawo ija ndinawapatsira pomwepo, ili ndi madontho a oyilo, ndipo holo yonse inafa ndi phwete.

Komabe sindiiwala kuti ndinaliritsa mwana wa eni pa tsiku lake lalikulu, komanso ndinanamiza ankhoswe anga. Madalaivala anzanga, wogawa maulendo sakhala m'nyumba mwanu. Ngati muli ndi ukwati, maliro, wodwala, kapena mwangotopa, muimbireni mumuuze ndi pakamwa, msanga, katundu asanakwere. Ambiri mwa iwo ndi anthu a mtima, koma sangathandize chimene sanamve.

Ana athu akula tsopano, koma ndikangomuflasha mayi wawo ndili pa ulendo, amandiimbira n'kufunsa kuti: "Ilipo ndi galimoto yokha, kapena ndi mwamuna wanga yemwe?"