Pulasitala pa Kadzidzi wa Agogo Helen

Achemwali Flossie timakhala nawo nyumba imodzi ku Foleshill, kuno kwa azungu, ndipo munthu wolimba mtima ngati iwowa sindinamuonepo. Kwawo ku Mitundu ankagulitsa kaunjika, mbava ankaigwira okha pakhosi. Atabwera kuno pa viza yosamalira okalamba, kuzizira anakupirira, matewera a akuluakulu ankasintha osakwinya mphuno. Koma chinawagonjetsa ndi kambalame kapapepala.

Kunyumba yosungira okalamba anawapatsa agogo Helen, a zaka 91, obadwira ku Holland. Kumutu kwa bedi lawo kunali chithunzi chakalekale chopanda mitundu: tchalitchi cha m'tauni ya kwawo, galu atagona pakhomo, nkhumba ili pambali, ndipo pansanja pa tchalitchicho kadzidzi atatong'ola maso.

"Kadzidzi kumutu kwa wodwala? Anthuwa maliro amachita kuwaitana!" anatero a Flossie atafika kunyumba, akuvula nsapato.

Ndinawauza kuti zisiyeni, kuno si kwanu. Amamva? Mawa lake anatenga pulasitala wa pabala n'kumata pagalasi la chithunzicho, pankhope penipeni pa kadzidzi. Zoe, mwana wa agogowo, akabwera Loweruka ankamatula. Lolemba a Flossie ankamata wina. Mwezi wathunthu!

Zoe anakadandaula ku ofesi. Apa ndiye ndinapsa mtima, chifukwa kuno ntchito ikatha viza nayo yapita, pomwe a Flossie ali ndi ana awiri kumudzi amene akuyang'ana kwa iwo. Munthu n'kukwera ndege kubwerera chifukwa cha mbalame yoti siilira n'komwe?

Zomwe zinachitika pamsonkhano anandiuza okha. Manijala anawasonkhanitsa m'chipinda cha agogo. Zoe anafotokoza mwaulemu kuti nyama iliyonse pachithunzipo ili ndi tanthauzo: galu ndi kukhulupirika, nkhumba ndi dyera, kadzidzi ndi nzeru.

Agogo Helen anakhosomola.

"Nzeru zake ziti?" anafunsa agogowo. "Kwathu kadzidzi ndi chitsiru, chosaona ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Chithunzichi anandipatsa apongozi anga tsiku la ukwati, n'kundilozera mbalameyo ndi chala. Zaka 68 yakhala ikundiyang'ana, inu nonse mumangoipukuta fumbi."

Zoe anatembenuka n'kuyang'ananso chithunzicho.

"Mtsikana uyu yekha ndi amene anaitseka maso," anatero agogo atagwira dzanja la a Flossie. "Mukamuchotsa ntchito, inenso mundilongedzere katundu."