Makatoni Khumi ndi Anayi a Mabuku

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka ku komiti ya chitukuko Lolemba la sabata imene tinayamba kukumba mbatata, chaka chatha. Lina linatsatira mvula itagwa. Ili ndi lachitatu, ndipo makope onse ndinasunga.

Ndinachoka ku Kaphuka ndili ndi zaka makumi atatu, feteleza atandikanika, n'kupita ku Joni. Ntchito imene ndinapeza inali yosesa mulaibulale. Ndikamapukuta mashelefu ndinkaonerera mayi woyang'anira mabuku, mmene ankapezera buku lililonse osafunsa munthu, ndipo ndinasirira ntchito yakeyo. Nditafunsa za maphunziro ake, anandiuza mwaulemu kuti popanda mapepala a dzikolo sizingatheke. Ndinasesabe zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndikugona m'kachipinda kamalata, Chichewa ndikulankhula pafoni pokha.

Mabuku akale amene ankafuna kutaya ndinkawapempha. Anzanga ankatumiza kwawo njinga ndi mabulangete. Ine ndinatumiza makatoni khumi ndi anayi, iliyonse ndi mndandanda wake. Ndinalembera alamu anga, a Fabiano, kuti atsegule, ana asukulu aziwerenga. Mumtima ndinkati ndikabwerera ndidzayang'anira laibulale kwathu, kumene palibe angandifunse mapepala.

Nditabwerera ndinapeza makatoni onse ali pansi m'chipinda chamdima, zingwe zake zosamasula. M'makatoni asanu ndi anayi munali mutalowa chiswe. Ndinkati ndikanyamula buku, m'manja munkatsala chikuto ndi dothi.

A Fabiano anadabwa kuona kuti ndakwiya.

"Alamu, katundu wa munthu wapaulendo satsegula mwiniwake asanafike. Kalata yanu tinawerenga, koma tinati tikamasula, mawa mudzati takuberani. Taonani, palibe chasowa."

Mlongo wanga anaonjezera kuti ankasesa mozungulira makatoniwo tsiku lililonse, ndipo mwana akawayandikira ankamuthamangitsa. Ndinasowa womukalipira.

Atsala makatoni asanu. Komiti inandilonjeza kachipinda kakuseri kwa holo, koma muli mbewu ya mbatata. A wapampando amandiuza kuti ndidikire mbewuyo ituluke. Ikatuluka, mumalowa ina. Mabuku ndawakweza panjerwa m'nyumba mwanga, koma denga limadontha, ndipo zilembo zing'onozing'ono maso anga ayamba kuzikana.

Choncho ndikupempha mwaulemu kuti komiti indiyankhe molemba, mvula ya chaka chino isanayambe: kodi kachipindako ndipatsidwa, kapena ayi?