Musamuuze, Ali pa Mayeso

Kuchipatala kumene amagwira ntchito yoyeza magazi, anzake amamutchula kuti Mayi Busa, ngakhale sanakwatiwepo ndi m'busa kapena ndi mwamuna wina aliyense. Dzinali ndinamupatsa ndine tili pasukulu kunja kwa dziko, ndipo linamukanirira mpaka lero. Odikirira odwala amamudziwa ndi funso limodzi. Akaona wodwala wafooka, amaitanira pambali amene akumusamalira n'kufunsa ngati ana ake onse auzidwa. Ena amapsa mtima, amati ntchito yake ndi magazi, osati za m'banja la eni. Ine ndimadziwa kumene funsoli linachokera, chifukwa ndinkagona naye chipinda chimodzi chaka chimene bambo ake ankadwala kwawo, iye osauzidwa.

Chipinda chathu chinali pamwamba penipeni pa nyumba yogona ophunzira. Chinali ndi zenera limodzi loyang'ana poimika njinga, ndi chitsulo chotenthetsera chimene chinkalira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Kunkazizira moti ine Lamlungu ndinkapemphera ndili m'bulangete, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu ankamva ndithu. Mnzangayu ayi. Tisanadziwe n'komwe kokwerera basi, iye anali atapeza kale tchalitchi, n'kulowanso kagulu ka ophunzira kamene Lachinayi lililonse masana kankakacheza kunyumba yosungirako okalamba. Ankati ntchitoyi anaiyamba ali wamng'ono. Bambo ake, kalipentala, anali mkulu wa mpingo, ndipo akaweruka ankakung'untha utuchi m'malaya n'kumutenga kukaona odwala, iye atanyamula buku la nyimbo.

Tsiku loyamba anapita Baibulo lili m'khwapa, mavesi ataloweza, akuganiza kuti akatembenuza nkhalamba zonse za m'dzikomo. Abusa oyang'anira kaguluko, mayi wamtali wosakonda zolankhulalankhula, anamukhazika pansi n'kumuuza malamulo: osalalikira munthu amene sanapemphe, osakangana naye za chikhulupiriro, ndipo osaimbira foni abale a wokalamba aliyense mwini wake asanalole. Anabwerako atakhumudwa. Anandifunsa kuti ndi utumiki wanji womangokhala duu ngati ukudikira basi. Koma anapitabe, ndipo pang'ono ndi pang'ono utumiki wake unasanduka kuwenga zikhadabo, kupesa imvi, kupukuta magalasi, ndi kuimba motsitsa mawu nyimbo za kwathu zimene palibe ankazimva tanthauzo. Ine ndinkamuperekeza mwa apo ndi apo, ndisaname, chifukwa cha tiyi ndi mabisiketi.

Amene anamuvuta kwambiri anali bambo wina amene kale ankayendetsa sitima. Chipinda chake chinali kumapeto kwa kolido, botolo la mpweya lili pambali pa bedi. Atangoonana, anamuuza kuti za Mulungu azizisiya pakhomo pamodzi ndi jekete. Mayi Busa ankamutchula kuti agogo, iye n'kumakana kuti alibe mdzukulu wamakani chonchi. Komabe Lachinayi likafika ankapempha anamwino kuti amumete ndevu m'mawa. Anali ndi mwana mmodzi, wamwamuna, womanga milatho kutali ndithu, ndipo mwanayo sitinamuonepo ngakhale kamodzi.

Nkhani ya mwana ameneyo inkamuwawa Mayi Busa. Akaimba foni kwawo sankalephera kuitchula. Ankati kuno ana ndi ouma mtima, bambo ake akupumira m'botolo koma iye ali piringupiringu ndi milatho. Ankati iyeyo, bambo ake atangomva mutu, akhoza kusiya mabuku onse n'kukwera ndege tsiku lomwelo. Mayi ake ankangosintha nkhani n'kufunsa ngati akuvala zofunda mokwanira.

Zimene zinkachitika kwawo tinazimva pambuyo pake kwa mlongo wake, amenenso ankagwira ntchito mushedi ya bambo awo. Matenda anali atawagwira m'chiwindi. Madokotala atanena mosapsatira kuti palibe chimene angachite, mwini wakeyo anasonkhanitsa banja lonse m'chipinda n'kulamula kuti mwana ali pa mayeso, aliyense womutsina khutu asadzabwere pamaliro awo. Anati mwanayo ndi woyamba pamtundu wawo kufika kumene wafika, ndipo iwo sangakhale chifukwa choti abwerere chimanjamanja. Palibe anawatsutsa. Munthu akanena mawu ali gone chonchi, ndani angayankhe?

Poyamba zinali zosavuta. Foni ikalira ankawadzutsa, kuwatsamiritsa pamapilo, iwo n'kukweza mawu ngati ali pamsonkhano wa mpingo. Foni yoonana nkhope ankaikana, ati netiweki ikuvuta. Mawu atayamba kutha, anthu anayamba kusowa chonena. Lero apita kutchalitchi, mawa agona msanga, mkuja akaona odwala. Mabodza atatha, mlongo wakeyo anapeza nzeru. Foni ikangolira, ankathamangira kushedi n'kuyamba kukhoma misomali pathabwa lopanda ntchito, mayi awo ali chiimire pakhomo, foni ili m'manja.

Tsiku lina ndinali naye m'chipinda chathu, ndikusita malaya, foni ili pa sipikala.

"Bambo ako atanganidwa, sukumva hamala?" anatero mayi ake.

Mayi Busa anatchera khutu, kenako anaseka.

"Koma bambo akukalamba. Akukhoma ngati wophunzira ntchito. Muwauze kuti asaphwanye chala, ndikufuna adzandikhomere shelefu ya mabuku."

Inenso ndinaseka nawo. Mayi ake anati awauza, ndipo foni inaduka mwamsanga.

Mayeso anatenga masabata angapo. Tinkadya titaimirira, tinkayenda tikuloweza, ndipo iye anapempha kwawo kuti asamuimbire mpaka atamaliza, chinthu chimene ndikuganiza kuti anachilandira ndi manja awiri. Lachinayi lokha ndi limene sankaphonya. Tsiku la pepala lomaliza tinabwerera kuchipinda masana, dzuwa likuwala kwa nthawi yoyamba patapita nthawi yaitali. Mnzangayo anavula nsapato imodzi, foni n'kulira. Anali mlongo wake. Anayamba wafunsa kaye ngati wamalizadi, ngati palibenso pepala lina lotsala. Atamva kuti palibe, anapereka foni kwa amalume awo, ndipo amalumewo ndi amene ananena kuti bambo anatisiya mayeso ali mkati, ndipo anaikidwa kale.

Sanakuwe. Anakhala pabedi, nsapato ina ikadali kuphazi, n'kupempha kuti amupatsenso mlongo wake.

"Achimwene, ankakhoma uja anali ndani?"

Kumbali inayo kunamveka kulira kwa munthu wamkulu. Mayi Busa anaika foni pansi osaidula.

Ine ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Ndikudziwa kuti abale akewo ankamukonda. Ndikudziwa kuti ankamuchitira zabwino monga mmene iwo ankaonera. Koma mayeso amalembedwanso, bambo sabwerezedwa. Anamusankhira okha chimene chinali chofunika pa moyo wake, ngati kuti munthu wotha kuyeza magazi a anthu sangathe kusenza nkhani ya bambo ake omubereka.

Kubwerera kwawo nthawi yomweyo sikukanathandiza kanthu, ndipo anali adakali ndi miyezi yophunzira ntchito m'chipatala. Anakhala, koma sanalinso munthu yemwe uja. Baibulo analiika pansi pa sutikesi. Lachinayi linkadutsa iye ali gone, atayang'ana kukhoma. Ndikamukakamiza kudya ankangolawa. Kamodzi kokha anandiuza zimene zinkamudya mumtima. Anati iye anali kalikiliki kugwira manja a abambo a eni ake, kuwapukuta pakamwa, kuwaimbira nyimbo, pamene bambo ake ankafa akumva mwana wawo wamwamuna akukhoma thabwa panja. Anati ngati umenewo ndi utumiki, Mulungu apeze wina.

Abusa aja anabwera kuchipinda kwathu kangapo. Ndinkayembekeza kuti atsegula vesi, koma ankangokhala pampando wanga, manja ali pamaondo, tiyi n'kuzizira. Apa m'pamene ndinaona kuti kukhala duu kuja ndi ntchito yolemera ndithu. Ulendo wina, akunyamuka, anangonena kuti woyendetsa sitima uja wafooka kwambiri, ndipo akufunsa kuti mdzukulu wake wamakani wathawira kuti.

Lachinayi lotsatira anadzuka n'kuvala jekete. Ndinamuperekeza, ulendo uno osati chifukwa cha mabisiketi. Tisanalowe m'chipinda muja, namwino wina anatiuza kuti kwatsala masiku ochepa. Mayi Busa anafunsa mwaukali kuti nanga mwana wawo uja akudikira chiyani. Namwinoyo anatiyang'ana modabwa. Anati mwanayo sakudziwa kanthu. Amaimba foni kawirikawiri, koma mdalayo amachotsa chopumira pamphuno, kukweza mawu, n'kumuuza kuti ali bwinobwino, asavutike kubwera mpaka mlatho utatha. Anamwino onse anawaletsa kunena chilichonse.

Ndinaona nkhope ya mnzanga ikusintha. Mwana uja amene iye anamunyoza chaka chonse anali mnzake pa tsoka limodzi. Anapita kwa abusa kukapempha nambala ya mwanayo, ndipo abusa anakana. Anati lamulo lija silinasinthe, mwini wake akapanda kulola, palibe woimba. Mayi Busa ananena mawu ena amene sindingawabwereze pano. Abusa anangomvetsera, kenako anamuuza kuti chitseko cha mdalayo n'chotsegula, akalankhule naye yekha.

Mdalayo anali atachepa pabedipo, ndevu zosameta. Atamuona anayesa kumukalipira kuti wasowa kuti, koma mpweya unamuthera. Mayi Busa anakoka mpando n'kumuuza zonse, za matenda a bambo ake, za hamala, za foni ya amalume. Ananena mosalira, ngati akupereka zotsatira za magazi. Mdalayo anamvetsera maso ali kudenga. Kenako anati bambo akewo anachita bwino, nayenso safuna kuti mwana wake amuone akumwetsedwa madzi ndi supuni. Akufuna azimukumbukira ali chilili.

"Agogo, inu mupita mukapume. Wotsala ndi ameneyo. Ine bambo anga sindiwakumbukira ali chilili ayi. Ndimangowaona ali gone m'chipinda chimene sanandilole kulowa."

"Ali pa ntchito yaikulu. Ndimusokoneza."

"Musokonezeni. Ndi mwana wanu, m'pake kuti mumusokoneze."

Ine ndinali nditataya kale mtima. Ndiye mdalayo anatembenuza mutu n'kuuza namwino kuti amuimbire mnyamatayo, koma amuuze kuti asathamange pamsewu.

Mwanayo anafika mawa lake masana, bambo wamkulu ndithu wa imvi m'mbali, nsapato zantchito zili ndi matope. Anatidutsa osationa n'kulowa m'chipinda muja. Ife tinakhala pabenchi m'kolido. Ndinkaganiza kuti timva kulira, koma chimene tinamva ndi mkangano. Mwanayo ankafunsa mokweza kuti n'chifukwa chiyani anamunamiza nthawi yonseyi, kodi amamuyesa mlendo? Mdalayo ankayankha modukizadukiza kuti asamukalipire ngati mwana, ndipo wabweranji ndi matope m'chipinda cha eni. Namwino anafuna kukawaletsa, abusa anamugwira dzanja.

Ndinayang'ana mnzanga kuti mwina tiseke, poti zinali zoseketsa ndithu. Ndinapeza misozi ili chuchuchu, kwa nthawi yoyamba chimvereni uthenga uja. Sanaipukute. Anali atatchera khutu kuchitseko.

"Tamva mmene akumukalipira," anatero motsitsa. "Inenso ndikanakonda kuwakalipira choncho bambo anga, iwo n'kundiyankha."